Mwini Wake wa Fulu Waletsa

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Kuno tilipo. Mayi mwendo ukuwavutabe m'mawa, koma pakamwa pali bwinobwino, ndiye sitikudandaula.

Nkhani yaikulu ndi yakuti Fulu wadzuka. Ndikunena chigalimoto cha malemu bambo chija, chimene anakusiyira iwe, iwe n'kutiuza kuti tione chochita nacho. Unamusiya kuseri kwa nyumba matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Lero akuyenda pamsewu, anthu n'kumamuloza.

Ntchitoyi agwira ndi alamu ako. Munthu amene m'nyumba sangakhome ngakhale msomali wa kalendala, kwa Fulu anasanduka dokotala. Anapala dzimbiri mpaka zala kusupuka. Pansi paja panali patabooka moti ukakhala kutsogolo unkaona msewu pakati pa mapazi ako, ndiye owotcherera anamatapo chitsulo chatsopano. Injini anaitsitsa ndi mnzawo makaniko n'kuimwaza pakhonde langa ngati malonda a pamsika. Beseni langa lotsukira mbale linamwa oyilo, ndipo kukhitchini silinabwererenso.

Mawaya amene makoswe anadya anasintha onse. Anaika sitata yatsopano kuti tisiye zokankha, malamba a pamipando, ndi mabuleki amakono, poti akale aja unkayamba kuwachonderera mtunda ukadalipo. Penti anabwezera yomwe ija, yobiriwira m'munsi, yoyera pamwamba. Mayi atamuona anati chitseko chikutsekeka mwaulemu kwambiri, si mmene ankachimenyera bambo.

Cholinga chinali chimodzi, chakuti ine ndizifika msanga kuntchito. Ukudziwa kuti makiyi a sitolo ya mankhwala ija ndimasunga ndine. Ndikachedwa, odwala amadikira pakhonde, abwana ali chapoteropo akuyang'ana wotchi. Sabata yoyamba ndinayenda ngati mkazi wa nduna.

Koma alamu ako ali ndi matenda amene makaniko sangakonze. Mawu oti ayi sawatuluka pakamwa. Anayamba ndi anthu opempha kuti tikawasiye panjira. Njira yakeyo inkakhotera kusukulu, kuchipatala, kumsika, mpaka ine kufika kuntchito anzanga akumwa tiyi.

Nditadandaula, iwo anaganiza mozama n'kumasula mipando yonse yakumbuyo. Ati munthu sangapemphe kukwera popanda pokhala. Tsiku lomwelo kunabwera kalipentala ndi kabati. Mawa lake matiresi a mkwati, kenako mbuzi, ndipo fungo lake tinayenda nalo mpaka mwezi kutha. Tinabwezeramo mipando. Kunabwera kwaya.

Apa abwana anandiitanira mkati n'kundiuza mwachifatse kuti ndikachedwanso makiyi apatsa wina. Kumeneko, mlongo wanga, makiyi akachoka m'manja mwako, iwenso umawatsatira pakhomo posachedwa.

Tsopano khala pansi, chifukwa nkhaniyi yafika pa iwe.

M'mawa wina abusa anaima pageti, akufuna Fulu akatute mabenchi a tchalitchi. Alamu ako anali atayamba kale kumwetulira. Ine ndinatulukira kumbuyo kwawo n'kunena kuti, "Pepani abusa, galimotoyi si yathu. Mwini wake ndi mlongo wanga, ndipo waletsa. Ndi munthu wovuta kwabasi ameneyo." Sindinaname zonse, galimotoyi ndi yakodi. Abusa anabwerera, ine ndinatsegula sitolo abwana asanafike.

Mankhwala akagwira suwasiya. Kuyambira tsiku limenelo wakhala ukuletsa zinthu zambiri. Unaletsa mbuzi, unaletsa simenti, kwaya unaikana kawiri. Odwala ndi amayi oyembekezera okha ndiwo unawalola, ndipo pamenepo anthu akuti kamtima kalipo ndithu, kungoti n'kakang'ono.

Alamu ako nawo azikonda. Amapukusa mutu pamodzi ndi opemphawo n'kumati kukhala kutali kumasintha anthu. Dzana ndinawamva akuuza kalipentala uja kuti umafuna chithunzi cha matayala sabata iliyonse. Zimenezo sindinawatume ine.

Zikanatha bwino pakanapanda mayi. Anamva kwa anzawo kuti mwana wawo wasanduka chilombo, ndipo atandipanikiza ndinawauza zoona. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati iwe sungathe zimenezi, unatengera bambo ako, amene ananyamula dera lonse m'galimoto yomweyi mpaka inagwada. Ndiye dzulo abusa atawapempha nambala yako, mayi anati sanganame pamaso pa munthu wa Mulungu. Anaipereka. Abusawo apita kumsonkhano, koma akuti akabwerako kumapeto kwa mwezi akuimbira kuti akufewetse mtima.

N'chifukwa chake ndalemba kalata. Pafoni ukanandidula ndi kuseka ndisanafike popempha.

Ndapota nawe, mlongo wanga, abusa akaimba ukane. Usapereke zifukwa, chifukwa iwe ukayamba kufotokoza umathera kupepesa. Usawafunse za umoyo wa kunyumba kwawo, udzapezeka wavomera ndi zimene sanapemphe. Mawu akakukanika, foniyo upatse akazi ako, iwo aja amadziwa kutseka nkhani. Ukalola benchi limodzi lokha, mawa lake geti langa lidzadza, ndipo makiyi apita. Sindinakupemphepo chinthu chachikulu chiyambire. Lero ndikungopempha kuti uipe pang'ono.

Ukadzabwera patchuthi, ena adzakupatsa moni wa kumphuno. Udzapirire. Inenso kuno ndikupirira, anthu akundimvera chisoni tsiku ndi tsiku kuti ndinabadwa ndi munthu wotere.

Mulungu akusungeni nonse ndi kukupatsani mphamvu, makamaka iweyo kumapeto kwa mwezi. Undiperekere moni kwa alamu anga, ndipo ana uwauze kuti azakhali awo akuwasowa. Mayi akupereka moni, akuti uzivala juzi. Alamu ako akuti moni kwa bwana.

Ndine mlongo wako,
Wosunga makiyi, pakadali pano