Kachingwe Kamene Mngelo Analandira

Aphungu,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi nkhani yaing'ono pamene ena akukulemberani zazikulu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, choncho mukapeza polakwika mundikhululukire. Kalatayi ndailemba katatu.

Ndine mtsikana wosakwatiwa, ndimasankha fodya pa pulazi ina kuno ku Tengwe. Makolo athu anachokera ku Dedza, koma ine ndinabadwira mu komboni muno. Pa Khirisimasi iliyonse masana, a mpingo wathu timachita sewero la kubadwa kwa Ambuye mu shedi ya fodya. Chaka chatha a Joze, amene amatiphunzitsa sewerolo, anandisankha kukhala mngelo. Ndinakana chifukwa cha manyazi, iwo nkuti, "Tikuphimba nkhope, palibe adzakudziwe." Anandifunditsa nsalu yoyera yopyapyala imene timaphimbira nazale, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nandikweza pa mabelo a fodya. Dzuwa linkalowera m'timabowo ta malata, fumbi la fodya likuyandama m'kuwalako. Ndili m'nsalumo, anthu ndinkawaona ngati ali m'nkhungu ya m'mawa, ndipo mawu anga anatuluka osanjenjemera. Sindinamvepo kupepuka kotero.

Mkulu wanga Jesinta anali atamwalira mu Ogasiti, nasiya mwana wamkazi, Edina, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimagona naye ndine. Jesinta ankamusokera diresi pa Khirisimasi iliyonse, ndipo ankamuyeza ndi chingwe chomangira fodya, kuchokera paphewa kufika pabondo.

Sewero litatha, ndisanavule nsalu ija, Edina anabwera kuseri kwa mabelo. Iye amadziwa kuti zilombo za gule zimachokera kumanda, ndiye anayesa kuti chilichonse chophimba nkhope chimachokera komweko. Anagwada, naika m'dzanja langa kachingwe kamene anadziyeza nako yekha. "Mukawapatse amayi. Mukawauze kuti ndafika apa tsopano." Aphungu, ndinagwedeza mutu kuvomera. Kugwedeza kumeneko ndiko kwandisowetsa mtendere.

Kachingweko kali m'chitini changa. Ine Edina sanandiuzepo, koma anzake amawauza kuti mngelo akubwera ndi diresi lochokera kwa amayi ake. Lamlungu amakakhala pakhomo la shedi nkumayang'ana kudenga. Tsiku lina anandifunsa, "Amayi aang'ono, kodi kumwamba kuli makina osokera, kapena amasoka pamanja?"

Chaka chino mngelo ndinenso, ndipo nsalu ya maluwa achikasu ndagula kale ku Karoi. Alamu anga a Kalino, bambo ake a Edina, ndi a gule. Iwo akuti, "Chovala nkhope sachiulula kwa mwana. Soka iwe, mngelo akapereke." A Joze akuti, "M'sewero la Mulungu musalowe bodza. Muuze lero lomwe." Ine ndimalota Jesinta akusoka pansi pa mtengo, osacheuka. Sindidziwa ngati akuvomera kapena wandikwiyira.

Kwatsala milungu itatu. Chonde mundiyankhe msanga, ndisanadule nsaluyo.

S.P., Tengwe


Mwanawe S.P.,

Nkhani yako si yaing'ono, ndipo m'kalata yako mulibe choti upepesere.

Usadule nsaluyo potengera chingwe chakale. Mwana wakula chaka chathunthu. Diresi lidzamulekezera m'ntchafu, ndipo adzakufunsa chifukwa chake amayi ake kumwambako sakuona kuti watalika. Udzayankha chiyani? Chaka chamawa adzatumiza chingwe china, akadzadziwa kulemba adzatumiza kalata. Udzakhala mtengamakalata wa kumanda mpaka liti? Tsiku ukadzakwatiwa ku pulazi ina, mngelo watsopano adzabwera chimanjamanja, mwanayo nkuferedwa kachiwiri.

Alamu ako sakulakwa pa za gule, koma mngelo wa mu shedi si wa kudambwe, alibe chinsinsi choti usunge. A Joze nawo akufulumira, zoona saponyera mwana ngati mwala. Yamba wakhala pansi ndi a Kalino, uwauze mwaulemu zimene ukufuna kuchita. Mwanayo ndi wawo, usachite mobisa.

Ukatero, Loweruka likubwerali umutenge Edina akuthandize kuchapa nsalu ya mngelo. Aigwire, amve fungo lake la fodya. Ikauma uifunde iye akuona, naye umufunditse aone anthu ali m'nkhungu muja. Kenako tsegula chitini. Umuuze kuti, "Amene ndinalandira ndine. Sindikanatha kukapereka, koma ndinasunga." Adzalira, mwina adzakunyanyalira masiku angapo. Usamutonthoze ndi bodza lina, komanso usamulande kumwamba kwake. Za kumeneko iwe ndi ine sitidziwa zambiri. Umuuze zimene ukudziwa bwino: mmene Jesinta ankalumira ulusi ndi mano, nyimbo imene ankaimba posoka, zimene ankanena za mwana wake.

Mtima ukatsika, dula chingwe chatsopano umuyeze, paphewa mpaka pabondo. Muyale zingwe ziwirizo pamphasa, aone yekha mmene wakulira. Kwathu mng'ono wa mayi ndi mayi, si dzina chabe. Ntchito imene Jesinta anasiya yagwera iwe.

Sewero usalisiye, kwera pa mabelo ukanene mawu ako. Koma chenjera, m'nsalu muja wakondamo chifukwa palibe amakuona, ndipo mwana saleredwa ndi munthu wobisala. Diresi la maluwa achikasu umuveke m'mawa wa Khirisimasi, ndi manja ako, iye akukuona nkhope.