Mwandigwetsera mtengo wa soya

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chezi tilipo, mwendo wa amayi uja wayamba kupola. Koma ine ndakwiya nanu kwambiri.

Soya wanga ndinamusunga dala, kudikira kuti achepe pamsika, mtengo ukwere. Inu mwatenga foni n'kuimbira venda uja munaphunzira naye, kumuuza kuti adzagule msanga chifukwa mwana wanga Chisomo amubweza kusukulu, fizi yavuta. Achimwene, wogula amauzidwa mavuto a wogulitsa?

Anabwera ndi sikelo yake akumwetulira. Nditatchula mtengo wanga anati, "Mayi, tisavutane. Achimwene anu andiuza zonse, mwana ali pakhomo." Ndinayesa mavenda ena pamsewu, koma nawonso anali atamva kale, aliyense kutchula mtengo womwewo wachipongwe. Thukuta la chaka chonse ndagulitsa misozi ili m'maso.

Ndikudziwa mumafuna kuthandiza, koma chonde, za malonda anga muzindifunsa kaye. Chisomo wabwerera kusukulu, akupereka moni. Ambuye akusungeni kumeneko.

Mtedza udakali m'nyumba. Umenewo pakamwa panu pasaudziwe.

Ndine mlongo wanu,
Esinati