Kanyerere ndi Madzi a m'Kalasi

Lolemba, 5 Meyi

Foni ya ahedi m'mawa, ine ndili chigwadire pansi pa sinki ya eni ake. Akuti bwerani kusukulu msanga, ndi za mwana wanu. Mtima myuu. Ndinaganiza galimoto. Bobojani, sipanala yanga yaikulu ya mapaipi, ndinaisiya pomwepo, mpaka pano ili komweko.

Kanyerere ali bwino. Palibe bala. Zikomo Mulungu, ndiyambe ndi zimenezo.

Koma kalasi yawo madzi olekeza m'akakolo. Nthawi yopuma anatsalira yekha, anatseka sinki ya pakona ndi sanza, natsegula mpopi, nachotsa chogwirira chake kuti wina asatseke. Chogwiriracho achipeza m'thumba la yunifomu. Mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu. Kachotsedwe kake n'kanga kenikeni, kasikuluwu anakaika bwinobwino pawindo kuti kasasowe. Ndinamuphunzitsa ndine, Loweruka lina, kuti asangokhala.

Atamufunsa akuti anangoti, "Mlonda wa Madzi sanalakwe." Aphunzitsi akuti ameneyo ndi munthu wa m'katuni ija ya ku Japan imene ana onse apenga nayo. Chigawenga chofuna kumiza mzinda wathunthu.

Ahedi: mwana akhale kunyumba. Lolemba likudzali komiti ikumana, ione ngati abwerere kapena timpezere kwina. Kwina kuti? Sukulu ina ndi mabasi awiri, kupita kokha.

Ndinatseka madzi, ndinakolopa limodzi ndi mayi wosesa pasukulupo. Sitinayankhulane. Aphunzitsi ankati musavutike. Ndisavutike bwanji, ndi madzi anga.

Lachiwiri, 6 Meyi

Katuni ndaletsa. Foni ya amake pamwamba pa kabati. Sanalire, ndiye chondiopsa n'chimenecho. Kanyerere amalira ngakhale mphaka wa eni akamatsimphina.

Ndinamufunsa katatu chifukwa chake. Zii. Amake akuti, "Mukufunsa ngati wapolisi, mwana angayankhe?" Mwina. Bambo anga ine sankafunsa n'komwe, lamba ndiye ankafunsa. Lamba ayi. Ndinalumbira tsiku lomwe anabadwa, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, achibale akuti mwana angalere mwana mnzake?

Funso likundizunguza: mwana wokondwera ndi munthu wofuna kupha anthu ambirimbiri, mumtima mwake muli chiyani? Ndalera chiyani ine?

Bobojani ndakatenga. Mayi wa sinki sanadandaule, anandipatsanso tiyi. Anthu abwino alipo.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndinatsitsa foni ndekha, amake ali kochapa, kuti ndichione chinthucho. Paipi sukonza usanaione. Anthu a maso ngati mbale, tsitsi lobiriwira, kukuwa kokhakokha. Chilankhulo sindichimva. Mawu a Chingerezi pansi amathamanga ngati akuba, ine wolekeza kalasi yachisanu ndikamaliza liwu loyamba iwo apita kale.

Mlondayo ndamuona. Wamtali, chigoba chachitsulo kumaso, kiyi wamkulu kumsana. Akutsegula zitseko za damu, anthu akuthawa ndi ana m'manja. Zoipa basi. Chimodzi chokha: gudumu la madzi amalipotokolera mbali yolondola. Wojambulayo anafunsa kwa odziwa.

Lachinayi, 8 Meyi

Ntchito ziwiri zokha, ina sanalipire, akuti mawa. Belu la sukulu limamveka pakhomo pathu. Likalira Kanyerere amaimirira, kenako n'kukhalanso. Wachita masamu yekha tsamba lonse, wopanda womutuma.

Lachisanu, 9 Meyi

Kwa a Lumo, ometa pakona. TV yawo ndi makatuni okhaokha, munthu wamkulu wa imvi zake. Sindinkafuna kumeta koma ulemu, ndinakhala pampando. Ndinafunsa: munthu ameneyu akumiziranji mzinda?

Anazimitsa makina, mutu wanga uli theka. "A pulambala, mwayambira pakati inu. Mwaona chigumula, dontho simunalione."

Mmene anafotokozera. Mzinda uli kumunsi kwa damu. Mlondayo amakhala m'ngalande zapansi pa mzinda, zaka makumi awiri, kutsegula, kutseka, kuchotsa zinyalala, kuti apamwamba agone pouma. Akakwera pamsewu anthu agwira mphuno. Dzina lake palibe wolidziwa. Tsiku lina mwana wake anadwala, anamubereka kupita kuchipatala cha apamwamba, pageti anamubweza chifukwa cha zovala ndi fungo. Mwana anafera kumsana. Ndiye iye akuti, ndisiya kugwira chitseko tsiku limodzi lokha, adziwe amene ankawagwirira.

Ndinati kupha ndi kupha. A Lumo akuti eya, n'chifukwa chake ndi chigawenga, koma ana amalira naye. "Umayamba wamumvera chisoni, kenako uchita manyazi kuti wamumvera."

Ndinakumbuka. Mwezi watha zimbudzi za sukulu ija ndinakonza ndine. Masiku awiri, ovololo, majombo, magulovu, dzanja m'paipi mpaka m'phewa. Nthawi yopuma ndinamuona Kanyerere ali ndi anzake, ndinamukwezera dzanja. Ndi gulovu lomwelo. Ndinakuwanso, mayi! Ndinkanyada.

Ndinatuluka mutu ukadali theka, a Lumo anachita kundithamangira, nsalu yawo ili m'khosi mwanga.

Loweruka, 10 Meyi

Ndinamutenga kuntchito. Thanki yodontha kwa agogo ena. Sindinafunse kanthu, amake ananena zoona. Ndinkangoti ndipatse sipanala, ndipatse washa. Ndili pamakwerero anayamba yekha kufotokoza.

Anzake akumutcha Mwana wa Chimbudzi. Kuyambira tsiku lija. Akakhala pabenchi anzake asuntha, agwira mphuno. Wina anamuikira pepala la kuchimbudzi m'chikwama. Mwezi wathunthu. Kunyumba osanena, akuti, "Mukanasiya ntchito, adadi."

Kenako, "Ndinkafuna madzi abwere, asowe chochita, akuitaneni. Aone."

Washa inagwera m'thanki. Ndinakhala nthawi yaitali ndikuifuna, nkhope ili m'kati.

Nditatsika ndinamuuza: mayi, walakwa. Ntchito yathu ndi kutseka madzi, osati kuwatsegulira anthu. Mlonda uja mwana wake anamwalira, n'zoona, koma mumzindamo mulinso ana a ena. Iye akuti akudziwa, n'chifukwa chake anayamba wakweza mabuku.

Mabuku ati?

Onse. Zikwama za anzake, makope, bokosi la choko, anaziika pamwamba pa madesiki asanatsegule mpopi. Ngakhale chikwama cha uja wa pepala. "Si munati tisanagwire paipi tizikweza katundu wa eni?"

Ndinanenadi. Ine Lolemba lija ndinakolopa kalasi yonse osazindikira kuti pansi panalibe kanthu. Maso anali pa manyazi.

Lamlungu, 11 Meyi

Malaya oyera asitidwa. Ndaloweza zokanena, ndaiwala, ndalowezanso. Amake akuti ndikuzungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Za mabuku ndikanene? Adzati bambo akukometsera mwana wake. Mboni ndilibe.

Foni ndatsitsa. Taonera limodzi gawo lina, iye akundimasulira. Chingerezi chake! Kuwerenga osapunthwa, mawu akuba aja akuwagwira onse. Ine ndimangoyang'ana iye, katuni ayi. Sukulu imeneyi isamutaye.

Lolemba, 12 Meyi

Komiti anthu asanu, tebulo lalitali. Zoloweza zonse zinathawa. Ndinangoti mwana walakwa, inenso ndalakwa, ndinamuphunzitsa kumasula osamuphunzitsa nthawi yomasulira. Bambo wina wa tayi akuti mwana wotengera zigawenga za pa TV ndi woopsa, lero madzi, mawa moto. Maganizo anga omwe a Lachiwiri, ndiye sindinawakwiyire.

Watipulumutsa ndi mayi wosesa uja. Sanaitanidwe, anangobwera ndi tiyi. Anaika thireyi nati, "Pepani akuluakulu, anayamba kulowa m'kalasimo ndine. Palibe kope ngakhale limodzi linanyowa. Chigawenga chanji chokweza mabuku?" Anawauzanso za dzina lija. Iye ankalimva tsiku ndi tsiku, poti nayenso ana omwewo amamugwirira mphuno. Aphunzitsi anawerama, sankadziwa. A tayi anayamba kutakasa tiyi wopanda shuga.

Chigamulo: abwerera Lachitatu. Apepese pamaso pa kalasi, akolope sabata imodzi. Ana onyoza aja makolo awo aitanidwa. Ndinati zikomo kangati sindikudziwa, ndinathokoza ndi chitseko chomwe.

Mayi uja dzina lake sindikulidziwa. Zaka zitatu ndikumudutsa pageti. Ine amene.

Lachinayi, 15 Meyi

Wabwerera dzulo. Anapepesa. Akukolopa ndi mayi uja, akuti amamuphunzitsa kufinya mopu osanyowetsa nsapato. Dzina la mayiyo ndafunsa, wandiuza, ndalilemba kuchikuto cha kope lino. Mpopi wa kunyumba kwake ukudontha chaka chonse. Loweruka m'mawa ndili komweko, asayerekeze kutulutsa kachikwama.

Ahedi anandiitananso. Mtima myuu kachiwiri. Ayi, akufuna mawa ndikaonetse kalasi mmene madzi amayendera, kuchokera kuthanki mpaka kuchimbudzi. Ine? Kutsogolo kwa bolodi? Ndinati ndiganize kaye. Kanyerere anali atavomera kale m'malo mwanga.

A Lumo akuti gawo lomaliza latuluka. Mlonda atseka zitseko kapena satseka, akukana kundiuza, akuti ndikametenso kaye. Tidzaonera Loweruka, ine, amake ndi Kanyerere, atatu tonse. Ndikumupempherera atseke. Munthu wochita kujambula, ine kumupempherera.

Lachisanu, 16 Meyi

M'mawa. Malaya oyera ndavala, ndavula, ndavalanso. Choko sindinachigwire chisiyireni sukulu. Kanyerere waima pakhomo la chipinda ndi ovololo m'manja, majombo pansi. Akuti, "Izi, adadi. Ndi magulovu omwe."

Ndati akakugwiriranso mphuno. Akuti agwire, akatopa asiya, mphuno ndi zawo.

Wanyamula bobojani, ikumulemera, akukana kuti ndimulandire. Ali panja akuitana, tachedwa, belu lilira tili panjira.

Ndavala ovololo.