Galimoto Yanu Ija Ikadali Mlendo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bolero tilipo, kungoti amama miyendo yayambanso kutupa.

Za galimoto munaisiya pa Khirisimasi ija, ine ndatopa nazo. Ndinapita ku ofesi ya msonkho ku Mzuzu. Bwana wake anati, "Mayi, galimotoyi inalowa m'dziko muno ngati mlendo, ndipo masiku ake anatha kale. Mwini wake abwere adzalipire msonkho, ipatsidwe nambala ya kuno. Tikaipeza pamsewu, tilanda."

Ndiye yangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Lachiwiri amama atadwalika, tinapita nawo kuchipatala pa pikapu ya matola, atakhalira thumba la feteleza. Anthu akutiseka, akuti tikuumira mafuta.

Chonde bwerani mudzakonze zimenezi, kapena mudzaitenge. Amama akuti ndikuuzeni kuti mlendo ndi mame, koma pakhomo pano zatembenuka. Galimoto yakhazikika, amene munakamuka ndinu.

Mulungu akusungeni. Yewo chomene.

Ndine mlongo wanu,
Tiwonge