Chala cha a Banda

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ku Kitwe kumeneko. Kuno ku Vubwi tadzuka, kungoti chifuwa chimandivutabe m'mawa. Mtedza tinakumba.

Gitala munatumiza ija inafika, zikomo. A Banda, amene munawapempha kuti andiphunzitse nyimbo zachizungu zija za kantire zomwe malemu mkazi wanga, amake Tisa, ankakonda pa wailesi, amabwera Loweruka lililonse. Chala chachikulu chimamenya nsambo yokhuthala, zinazo n'kukwapula zotsalazo, ngati mayendedwe a ngolo. Zimenezo ndayamba kuzigwira.

Koma sabata yatha anabwera ndi mlongo wawo, a Nabanda, amene amuna awo anamwalira. A Banda akuti nyimbozi zimafuna anthu awiri, wina kugwira mayendedwe, wina kuliza nsambo zing'onozing'ono pamwamba. Ndinafunsa kuti, "Nanga inuyo?" Iwo anati, "Aa, chala chatupa, bambo." Chonsecho chala chomwecho ndinachiona chikuswa mtedza bwinobwino. Kenaka anati akukaona mbuzi, osabwerako mpaka dzuwa kupendeka.

Mayiwo amaimba bwino, sindinama. Koma anaidziwa bwanji nyimbo imene malemu ankaikonda koposa, ine osawauza? Wina woidziwa ndinu nokha.

Achimwene, chiliza sitinamange. Mpando wa amake Tisa ukadali pakhonde, ndipo mlendoyo ndinamuyalira mphasa.

Ngati nzeruyi ndi yanu, ndiuzeni poyera, ndipo muwauze a Banda kuti chala chipole. Munditumizirekonso nsambo yachitatu, inaduka. Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Yohane