Chiwindi cha Ng'ombe Chandigululitsa Dzino

Achimwene,

Landirani moni wanga, inu ndi ana onse. Ine ndilipo, kungoti dzino lakutsogolo lapita, ntchitonso yatha.

Kukhola ndinkagwira ntchito kuja, abwana ankabaya ng'ombe mankhwala oletsedwa onenepetsa, n'kumasiya nthawi yozipha ikayandikira kuti m'magazi musaoneke kanthu. Madokotala a ziweto sanataye nthawi ndi magazi. Anadula kachiwindi n'kukayeza zachibadwa, zija za DNA, poti mankhwalawo amasiyamo chizindikiro ngakhale atatha m'thupi.

Zotsatira zitabwera, abwana anandigwira pakhosi n'kukuwa mosakaniza ndi chiyankhulo cha kuno. "Wena Malawi, waulula ndiwe!"

"Chaulula ndi chiwindi, bwana. Ine ndinkangokugwirirani chingwe."

Chibakera chinandipeza pakamwa. Inu mukundidziwa. Ndinatola ndowa yachitsulo n'kuwaphwanya nayo mphuno, magazi mpaka m'magambutsi. Anzanga akanapanda kutileretsa, bwenzi mukumva zina.

Panopa ndabisala m'tauni, kudera lotchedwa Bertrams. Auzeni alamu asakwere basi yobwera kuno ija, malo a ntchito ndinawapezera aja apita limodzi ndi dzinolo. Mayi akafunsa chifukwa chimene sindikuwaimbiranso pa vidiyo, muwauze kuti ndi netiweki.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Wayisoni