Tiki ya apongozi anga yapukutidwa

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndipo sindikubisirani, ndimadzinyadira. Kuno ku Bulawayo tili ndi kalabu ya anthu osunga ndalama zachitsulo zakalekale, ndipo chaka chatha anandisankha kukhala woyesa ndalamazo. Ndimaiika ndalama pansi pa galasi lokuza zinthu n'kunena mmene yasungikira: kaya yafufutika, kaya yakandika, kaya ili ngati yangochoka kumene kosulira. Zimene ndanena zimalembedwa pakakhadi ndipo palibe amatsutsa. Mpandowu sunakhalepo ndi mzimayi. Azibambo amene ankati ine ndizingotengeka ndi zonyezimira, lero amaima pamzere kundidikira.

Wondinyadira kuposa onse ndi apongozi anga aamuna, a Mlotshwa, omwe anapuma ntchito kunjanji. Akakwera kombi amauza ngakhale kondakitala kuti, "Iwe, mtengwa wanga MaThebe ali ndi diso! Akangoiyang'ana ndalama, imaulula yokha konse kumene yayenda."

Mwezi watha anandionetsa tiki ya siliva, kandalama kakale ka mapeni atatu, imene anawasiyira malemu amayi awo, yokulunga m'kansalu. Aphungu, ndinaitenga mosamala n'kuiyang'anitsitsa. Inali itada ndi ukalamba, koma zilembo zonse zili bwinobwino, popanda pokandika. Kwa ife osunga ndalama, kuda kotereku ndiye ulemu wake. Ndinawapempha kuti adzabwere nayo ku chionetsero cha kalabu chimene chichitike Loweruka likubwerali.

Lamlungu tinapita kukawaona. Tisanakhale n'komwe pansi, anatulutsa tikiyo ikuwala ngati supuni yatsopano. Anati, "Ndaikwecha ndi phulusa ndi mandimu, kenako mankhwala otsukira mano. Ndati ndisakakuchititseni manyazi pamaso pa anzanu ndi chinthu chamwaye." Nditaiika pansi pa galasi langa lija ndinapeza timizere paliponse. Khungu limene inakhala nalo zaka zonsezi lapita, ndipo silingabwerere.

Ndinawauza kuti, "Bambo, iyi pakhadi tikalemba kuti yopukutidwa." Kukalabu kwathu liwu limeneli ndi chitonzo, ndalama yolembedwa choncho anthu amangoidutsa akupukusa mitu. Koma iwo anawomba m'manja. "Ehee! Mukalembe ndithu, ndi zilembo zikuluzikulu. Ndapukuta ndine, ndi dzanja langali!" Pano agula kale tayi, ndipo aitana anzawo awiri a kunjanji kuti akaonerere.

Amuna anga akuti, "Zisiye, sunaname. Mdala asangalale." Komatu kukalabu kuli a Dlodlo, munthu wopanda chotsekera pakamwa, ndipo ndikuwamva kale akufunsa mokweza kuti wapha tiki yabwino chonchi ndani. Ndalama sindinainamizirepo, ndipo sindiyamba lero chifukwa choti ndi ya pabanja. Koma mtima ukundiwawa ndikaganiza kuti munthu wondikweza chonchi akasekedwa atavala tayi yatsopano. Nditani?

N.T., Bulawayo

Mayi N.T.,

Nyadirani ndithu, mpandowo munaupeza ndi maso anu. Ndipo ndakondwa kuti simunandifunse ngati mungalembe bodza pakhadi, chifukwa tikanayambana.

Koma amuna anu akukusocheretsani. Inde simunaname, komatu mwabisala kuseri kwa liwu limodzi, mukudziwa bwino kuti inu ndi apongozi simukulimva mofanana. Iwo akumva kuyamikira pamene inu mukunena imfa ya tikiyo. Munthu amene ntchito yake ndi kunena zoona za kachitsulo sangamasiye mkulu akuyenda ndi chimwemwe chabodza.

Pitani kwawo Loweruka lisanafike, makamaka mawa. Amuna anu apite nanu, chifukwa awo ndi bambo awo, asakusiyireni nokha mtolowu. Tengani galasi lanu lija ndi ndalama ina yakuda yosakhudzidwa. Yambani ndi kuthokoza, ndipo thokozani kuchokera pansi pa mtima. Mkuluyo sanakhale pansi ndi phulusa chifukwa cha tiki, anachitira inu. Apongozi ambiri sangapukute ngakhale mpando woti mtengwa akhalepo.

Mukatero, musawalalikire. Apatseni galasilo aone okha timizereto, kenako aone ndalama inayo. Munthu amene wagwira ntchito ya zitsulo moyo wake wonse sangavutike kuzindikira chitsulo chokwecheka. Muwauze kuti pa nkhani ya ndalama zakale, kuda ndiye kukongola, ndipo liwu loti yopukutidwa ndi lodandaula. Muvomerenso kuti tsiku limene munawapempha kubwera nayo simunawachenjeze kuti asaikhudze. Aliyense woleredwa bwino amatsuka chinthu asanapite nacho pagulu. Zachilendo ndi za kalabu yanuyo, osati za iwo.

Ndiye asankhe okha. Akafuna kuisiya kunyumba, abwerebe ndi anzawo aja ndi tayi yawo, adzaone mtengwa wawo akugwira ntchito azibambo ali pamzere. Ndikukhulupirira kuti chimene akufunitsitsa kuonetsa anzawowo ndi inu. Akafuna kubwera nayo, khadi lilembedwe monga mmene diso lanu laonera, ndipo apatseni mpata anene za amayi awo amene anaisunga. A Dlodlo muwakokere pambali m'mawa, muwauze kuti awa ndi apongozi anu ndipo nkhaniyo akuidziwa kale. Anthu olongolola amasowa chonena akapeza kuti chinsinsi chaululidwa kale ndi mwini wake.

Chenjezo langa ndi ili: musayese njira zachidule. Musabise khadi, musanamizire kuti chionetsero chasinthidwa tsiku, ndipo musadikire kuti mwina zidutsa zokha. Akamva kwa inu kunyumba kwawo, adzadandaula tikiyo masiku angapo, n'kupitiriza kukutamani m'makombi. Koma akakamva kwa a Dlodlo, anzawo ali chiimire pambali, sadzaganizanso za tiki. Adzangoyang'ana inu, n'kuzindikira kuti munkadziwa.

Aphungu